Kugona chagada ndi kutchima msanga mu leba, zomwe ndinaona pobereka ana anga

Amayi anzanga makamaka inu amene muli ndi mimba yoyamba, pali nkhani imodzi imene kusikelo saifotokoza mokwanira ndipo kunyumba amaifotokoza mopotoka, nkhani yake ndi yoti matenda akayamba thupi lako uliike bwanji komanso kutchima uyambe nthawi yanji. Kusikelo timamva za zakudya za magulu 6, za kugona mu neti, za fansida, za kukonzeratu zitenje, beseni ndi pepala lakuda lija, zonsezo ndi zabwino ndithu koma za mu leba mwenimwenimo timangouzidwa kuti mukamvere anamwino basi. Nde munthu umalowa mmenemo osadziwa zoti utha kuyenda, kukhala tsonga, kugwada olo kugona chammbali. Ine ndabereka ana atatu kuno kwathu ku Thyolo ndipo aliyense anabwera mwa njira yake, nde ndati ndilembe zomwe thupi langa linaona komanso zomwe mzamba wina wachikulire anandiphunzitsa, mwina wina zimuthandiza.

Poyamba mudziwe kaye kuti matenda ali ndi magawo. Gawo loyamba ndi lija khomo la chiberekero limakhala likutseguka pang'onopang'ono mpaka kufika masentimita 10, ndi lalitali kwambiri ndipo mmenemu ntchito akugwira ndi chiberekero chokha, iweyo palibe choti ukankhe. Gawo lachiwiri ndi pamene njira yatseguka yonse mwana akutsika kuti atuluke, apa mpamene kutchima kumagwira ntchito. Kenaka pamatsala kutuluka kwa nsengwa. Mavuto ambiri amene ndinakumana nawo pa mwana oyamba anabwera chifukwa magawo awiriwa anasakanizidwa.

Pa mimba yoyamba ndinapita kuchidikiro nthawi yabwino ndithu, gadiyani wanga anali azakhali. Ululu unayamba madzulo tili panja pamene amaphikira magadiyani paja. Azakhali ndi munthu ondikonda kwambiri ndipo iwo anabereka ana awo onse pakhomo kalekale, nde anandiuza zomwe iwonso anauzidwa, amati "mwanawe ukamva kupweteka uzitchima ndithu, ukamachita ulesi mwana atopera mmimba." Amayi ena amene anali pomwepo anavomereza. Nde ululu ukabwera ndimagwira mzati nkumatchima, apo nkuti njira isanafike olo pakati.

Nditalowa mu leba anandionetsa bedi nkundiuza kuti ndigone pamenepo ndisamadzukedzuke. Ndinagona chagada usiku onse. Chimene ndimakumbukira kwambiri si ululu wa mmimba okha ayi koma chizungulire, thukuta lozizira, mseru, komanso msana umene umakhala ngati uthyoka. Ndimafunitsitsa kutembenuka olo kukhala tsonga koma ndimaopa kukalipiridwa. Anesi atabwera kudzandiyeza anandifunsa ngati ndimatchima, nditavomera anati khomo latupa mbali imodzi chifukwa mutu wa mwana umaliguda lisanatseguke, nde tidikire. Kudikirako kunatenga nthawi yaitali zedi, ndipo pamene amadzanena kuti tsopano njira yatseguka yonse tchimani, ine mphamvu zinali zitathera panja paja ndi pa bedi paja. Ndinali ndisanadye kanthu chiyambireni matenda, olo madzi, chifukwa ena anandiuza kuti ukadya umachita manyazi pa bedi.

Apa mpamene panachitika chinthu chimene ndikufuna mayi aliyense achidziwe. Poona kuti ndikulephera, mayi wina othandizira mu wodimo anaima chakumutu kwanga nkuika mkono wake onse pamwamba pa mimba, pansi pa mabere pomwepa, nkumakanikiza ndi thupi lake lonse ululu ukabwera. Mpweya unandithera, kukuwa kumakanika, maso anachita mdima, ndimangomva mau oti tchima tchima chapatali. Kenaka anandionjezera njira ndi sizasi mwana nkutuluka. Sanalire pompo, anathamanga naye pa kathebulo kukamupukuta ndi kumuthandiza kupuma kenaka mpamene analira. Nthiti zinandipweteka nthawi yaitali moti kuseka olo kutsokomola kunali kovuta, ndipo pamene anasokapo pamandiletsa kukhala bwinobwino poyamwitsa. Sindikunena izi kuti ndinyoze aliyense ayi, usiku umenewo namwino anali mmodzi amayi odwala tili mbwee ena pansi, magetsi atazima akuunikira ndi tochi ya foni, aliyense amafuna kuti mwana atuluke wamoyo. Koma kukanikiza mimba kuja sichinthu choyenera ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu malangizo ake a chaka cha 2018 linanena poyera kuti kusamachitike. Palibe umboni oti kumafupikitsa nthawi, pamene kuopsa kwake kulipo, chiberekero chitha kuphulika, mayi atha kung'ambika kwambiri, mwananso atha kuvulala.

Pa mimba yachiwiri ndinali ndi mantha osaneneka. Koma ndinapeza mzamba wina wachikulire, wa mau otsika, amene atandiyeza anati "mayi, njira yayamba koma ikadali kutali, bedili silanu panopa. Pitani muziyenda mu kolidomu, mukatopa khalani olo gonani chammbali, mukamva chimbudzi chachikulu chikubwera olo nsupa ikasweka mundiitane." Ndinadabwa mpaka ndinafunsa kuti anesi mwana sangagwe ndikuyenda? Anaseka nkunena kuti akamafika pogwa mudziwa nokha.

Inali nyengo yozizira ija ya chiperoni, kunja kukuwaza kamvula kosalekeza, ine nditafunda zitenje ziwiri ndikuyenda kuchoka pa khomo la leba kukafika kumapeto kwa khonde nkubwerera. Ululu ukabwera ndimaima nkutsamira khoma ndi manja onse awiri, mutu pansi, miyendo motangadza, nkumagwedeza chiuno uku ndi uku, amayi anga ali kumbuyo akundisisita pamsana mmunsimu ndi chikhatho mwamphamvu. Ukadutsa ndimamwa phala la madzimadzi la mu fulasiki pang'ono nkupitiriza. Mzamba uja amabwera kudzamvetsera mtima wa mwana ndi kachitsulo kaja ine nditaima chomwecho, komanso amandikumbutsa pafupipafupi kuti ndikataye madzi chifukwa chikhodzodzo chikadzadza chimatchinga mutu wa mwana kuti usatsike. Ululu unalipo osanama, kubereka nkowawa basi, koma unali ululu oti ndimatha kulimbana nawo, osati uja ongokupeza uli gone osatha kuthawira kulikonse.

Nthawi ina pakati pa ululu ndinamufunsa chifukwa chake samafuna ndigone chagada, nde anandifotokozera zinthu zimene mpaka lero ndimauza anzanga. Anati kumbuyo kwa chiberekero, motsatira msana, mumadutsa misempha ikuluikulu ya magazi, wina ndi umene umabweza magazi ku mtima. Ukagona chagada kulemera konse kwa mwana, madzi ndi chiberekero kumatsamira pamenepo, magazi amayenda mochepa, mayi amamva chizungulire ndipo mwana amalandira mpweya ochepa kudzera ku nsengwa. Nchifukwa chake olo kusikelo amati tizigonera kumanzere. Apo ndinakumbukira thukuta lozizira lija. Anatinso njira imene mwana amadutsa siyoongoka, chakumapeto imakhota kuloza kutsogolo, nde ukagona chagada mwana amakhala ngati akukwera mtunda, zili ngati kukankha njinga yodzadza nthochi pa zitunda za ku Thekerani. Pamene ukaima, ukagwada olo ukanyonyomala kulemera kwa mwana kumathandiza kuti mutu uzikanikiza khomo bwino komanso mafupa a mchiuno amapeza mpata otanuka, kafupa kakumapeto kwa msana kaja kamatha kusuntha chifukwa sunakakhalire.

Miyendo itatopa ndinalowa mkati nkugwada pansi pa chitenje, chifuwa ndi manja nditatsamiritsa pa bedi. Ndili chogwada chomwecho mpamene ndinamva chinthu chimene pa mwana oyamba sindinachimve nkomwe, thupi lokha kuyamba kukankha popanda ondiuza, mau otuluka kukhosi okhaokha. Mzamba anandiyeza nkupeza kuti njira yatha yonse. Anandikweza pa bedi koma anati ndigonere kumanzere, mwendo wakumanja ndiugwire ndekha pa bondo nkuukweza. Mau ake sindidzaiwala, anati "ine sindikuwerengerani ayi, ululu ukabwera thupi likakuuzani kankhani, mpweya ukatha pumani nkuyambanso, ukapita pumulani." Nde pa ululu umodzi ndimatchima kangapo mofupikitsa, osati kamodzi kotalika mpaka maso kufiira. Mutu utafika potuluka pamene pamaotcha ngati moto anati "basi lekani kutchima, tsegulani pakamwa muzipuma mwachangu mwachangu," kuti mutu utuluke pang'onopang'ono khungu lipeze nthawi yotanuka. Mwana anatuluka nkulira pomwepo, anamuika pachifuwa panga, sanandidule, ndinangong'ambika pang'ono.

Tsono apa ndinene chilungamo kuti wina asadzati ndinamunamiza. Mwana wachiwiri nthawi zambiri amabwera msanga kuposa oyamba olo utagona bwanji, chifukwa njira inadutsapo kale munthu. Nde sindinganene kuti kufulumira konseko kunali chifukwa choyenda. Koma akatswiri anafufuza nkhaniyi pa amayi ambiri mmaiko osiyanasiyana ndipo ataphatikiza zotsatira anapeza kuti amayi amene amayenda olo kukhala choongoka mu gawo loyamba, gawolo limafupika ndi nthawi yopitirira ola limodzi poyerekeza ndi ongogona, komanso ochepa mwa iwo amathera ku opareshoni. Pa gawo lotchima kusiyana kwa nthawi nkochepa, mphindi zowerengeka chabe, phindu lalikulu nloti kuonjezeredwa njira ndi kukokedwa mwana ndi chipangizo kumachepa. Mbali ina anaonanso kuti oberekera choongoka ena amataya magazi ochulukirapo, nde jakisoni wa pantchafu uja amakubayani mwana akangobadwa musamukane, ndi oteteza kutaya magazi. Pa nkhani yokuwerengera kuti gwira mpweya tchima mpaka ndinene, poyerekeza ndi kutsatira thupi lako, sanapeze kuti kuwerengerako kumafulumizitsa kwenikweni, nchifukwa chake a WHO amati mayi alimbikitsidwe kutsatira mmene thupi lake likumuuzira komanso asankhe yekha mmene akufuna kukhalira pobereka.

Mwana wachitatu anandiphunzitsa kuti zinthuzi si matsenga. Ndinayenda, ndinamwa, ndinachita zonse koma matenda anatalika kuposa achiwiri aja ndipo ululu onse unali kumsana. Anesi anati mwana wagona chakuti nkhope yaloza kutsogolo, msana wake watsamira msana wanga. Chinanso ndinayamba kumva kufuna kutchima njira isanathe, zimachitika ndithu mwana akagona choncho. Ndinawauza, anandiyeza nkunena kuti ayi dikirani, gwadani pa bedi pomwepo manja pansi, ululu ukabwera muziuzira mpweya kunja. Kugwada kuja kunachotsa kulemera pamsana moti ndinapezako mpumulo, patapita nthawi mwana anatembenuka yekha zinthu nkuyenda. Nde mukamva kufuna kutchima musangoyamba mwakachetechete komanso musabise, itanani namwino akuyezeni kaye.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti zimenezo nzokomera mmabuku, kwathu kuno ukangoti ndikufuna kugwada akukalipira. Zoona zimachitika. Mabedi athu ndi opapatiza komanso ataliatali, namwino mmodzi amayang'anira amayi ambiri ndipo ambiri anaphunzira kubereketsa mayi atagona chagada chifukwa mpamene amaona bwino. Ine chimene ndinaona kuti chimathandiza nkuyamba nkhaniyi kusikelo mimba isanafike, kufunsa kuti kodi kuno amalola kuyendayenda, amalola kuberekera chammbali? Tsiku lenilenilo kulankhula mwaulemu koma momveka, "anesi ndikagona chagada ndikumva chizungulire, ndingagonere kumanzere?" Sindinaonepo namwino okana zimenezo. Olo atati pa nthawi yotuluka mwana mugone chagada, pemphani akweze kumutu kwa bedi, ngati silikwezeka pindani zitenje olo bulangete muike kumsana kuti mukhale ngati mwakhala tsonga pang'ono, chibwano pachifuwa, manja atagwira kuseri kwa mawondo. Zimasiyana kwambiri ndi kugona fulati miyendo mmwamba. Ndipo wina akafuna kukwera pamimba panu muli ndi ufulu onena kuti chonde musandikanikize. Gadiyani wanunso mumuuziretu zonsezi mukadali kunyumba, makamaka zoti asakuuzeni kutchima muli panja komanso asakumaneni phala ndi madzi, chifukwa ululu ukafika pachimake mutu sugwira ndipo umangomvera amene ali pafupi.

Pali nthawi zina pamene namwino akakuuzani kuti mugone muyenera kumvera osatsutsa. Ngati mukutaya magazi, ngati BP yakwera kwambiri olo mukuona zinthu ziwiriziwiri, ngati mtima wa mwana sukugunda bwino, ngati nsupa yasweka mutu wa mwana usanatsike chifukwa mchombo utha kutsogola, apo nkhani yoyenda yatha. Komabe olo pamenepo kugona kwake nthawi zambiri kumakhala kwa chammbali, mutha kufunsa.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi zimene timachita kumudzi matenda akatalika. Ena amathamangira mwanamphepo kuti ululu ubwere wamphamvu. Mankhwala amenewa alibe muyezo, chiberekero chimakungana mosalekeza osapatsa mwana mpata opuma ndipo ngati njira yatsekeka chimaphulika. Ena amati ndi mapinga, amayamba kufunsa mayi amene ali pa ululu kuti aulule amuna amene anayenda nawo olo kutumiza uthenga kwa mwamuna kuti aulule, nthawi ikupita. Mlamu wanga zinamuchitikira pa mimba yake yoyamba ali wamng'ono ndithu. Anamusunga pakhomo, anamumwetsa zomwetsazo, anamunyonyomalitsa, amayi akuluakulu akusinthana kumukanikiza mimba, usiku onse ndi tsiku lotsatira. Pamene amadzapeza njinga yamoto kupita naye pa chipatala chaching'ono nkutumizidwa ndi ambulansi ku chipatala chachikulu pa boma, anali atatheratu. Madokotala anapeza kuti mutu wa mwana unali waukulu kuposa njira ya mafupa ake, anamupanga opareshoni iye nkupulumuka koma mwana sanapulumuke.

Ndanena nkhani ya mlamu wangayi kuti mumvetse malire a zonse ndalembazi. Kuyenda, kugwada ndi kudikira thupi kumathandiza matenda amene akuyenda bwino kuti ayende mosavuta. Koma ngati mwana wapingasa, olo mutu sukukwana mchiuno, palibe kakhalidwe olo katchimidwe kamene kangamutulutse, ofunika ndi opareshoni basi. Nchifukwa chake zonsezi zichitikire ku chipatala komwe wina akukuyezani pakapita maola 4 aliwonse, akumvetsera mtima wa mwana ndi kulemba pa pepala lija kuti aone ngati njira ikusuntha. Malinga ndi a WHO, kuchokera pamene njira yafika masentimita 5 kukafika 10 nthawi zambiri sipadutsa maola 12 kwa wa mimba yoyamba ndi maola 10 kwa amene anaberekapo, ndipo gawo lotchima limatha mkati mwa maola 3 kwa oyamba, maola 2 kwa enawo. Munthu wina aliyense ndi thupi lake, ena amafulumira kwambiri, koma zikamapitirira pamenepo inu olo gadiyani wanu funsani kuti anesi zikuyenda bwanji, pakufunika kutitumiza kwina?

Mutu wa mwana ukakhala nthawi yaitali utapanikiza malo amodzi, minofu ya pakati pa njira ndi chikhodzodzo imafa nkubooka, ndiye fistula ija mayi amangotaya mkodzo osalekeza. Mlamu wanga anatsala nayo, anasiya kupita kutchalitchi ndi kumsika chifukwa cha fungo, anthu akumunena kuti analodzedwa. Amene muli ndi m'bale otere dziwani kuti matendawa amachizika, yambirani ku chipatala cha boma lanu akuuzani kopita, ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo apadera osokera amayi a fistula ndipo salipiritsa. Mlamu wangayo anapita anakasokedwa nkuuma bwinobwino. Atatenganso mimba madokotala anamuuza kuti asadzayesere kubereka yekha, anapita kuchidikiro cha chipatala chachikulu mwezi wake usanakwane, anamupanga opareshoni pa tsiku limene anapangana ndipo mwana wake wamkazi pano ali kusukulu ya mkaka.